ZA UMOYO: Namwino Akadwala, Cipatala Cimatsekedwa

Pa 18 Marichi 2020 Boma linalengeza kuti anthu awiri oyamba apezeka ndi kacilombo ka korona muno m'Zambia. Anthu ambiri anauzidwa kukhala pa nyumba, koma madotolo, anamwino, osesa m'zipatala ndi oyendetsa ambulansi anapitabe ku nchito. Ngakhale Nduna ya Zaumoyo ya nthawi imeneyo, Dr Chitalu Chilufya, anapezeka ndi kacilomboka mu Meyi caka comweco.

Kacilomboka kamayenda m'mpweya umene wodwala amatulutsa popuma, polankhula ndi potsokomola. Mlimi akhoza kuima patali ndi mnzace, koma namwino sangayeze wodwala ali kutali. Amawerama pa iye, kumutembenuza ndi kumuikira mpweya wa oxygen, tsiku lonse, m'cipinda cimodzi. Woyendetsa ambulansi naye amatsekeredwa m'galimoto pamodzi ndi wodwala ulendo wonse, ndipo kawirikawiri sadziwa cimene munthuyo akudwala. Coipa cina n'cakuti munthu amatha kupatsira ena asanayambe kumva kudwala.

Bungwe la WHO linayerekeza kuti anchito a zaumoyo pakati pa 80,000 ndi 180,000 anamwalira ndi matendawa pa dziko lonse kuyambira Januwale 2020 kufikira Meyi 2021. N'cifukwa cace katemera woyamba atafika ku Lusaka mu Epulo 2021, anchito a m'zipatala anaikidwa patsogolo.  Sikunali kukondera ai.

Ku cipatala cacikulu ca Levy Mwanawasa namwino akadwala, wina amalowa m'malo mwace. Ku cipatala ca kumudzi, kumene namwino mwina ali yekha, akagona pamphasa mai wapakati amabwerera pa khomo, ana saona sikelo, ndipo wodwala malungo amakwezedwa pa njinga kupita ku boma.

WHO inalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti nthawi ya ngozi yaikulu yatha, koma kacilomboka sikanacoke. Conco munthu amene ali ndi cifuwa, cimfine kapena kutentha thupi anene pa khomo pomwe asanakhale pa benci ndi ena, aphimbe kukamwa ndi mphuno, ndipo operekeza asaculuke. Oitanitsa ambulansi nao anene zizindikilo zonse, kuti obwera kudzanyamula wodwala afike atavala zodziteteza.