Uja wagwa, anam'funsa ndani?

Nivomeleletu kuti inenso nimaseka. Mkwati akatelemuka pakati pa gule, kapena galu akathawa na nyama ya pa mbale, nimaseka mpaka misozi. Ndiye cifukwa cake mapulogilamu a tumavidiyo tojambulidwa kunyumba akhalitsa pa TV. America's Funniest Home Videos inayamba pa ABC mu 1989, motengela pulogilamu ina ya ku Japan, ndipo wopambana pa mlungu anali kulandila madola 10,000. Ku Britain, You've Been Framed! inayamba pa ITV mu 1990 ndipo inali kulipila mapaundi 250 pa kavidiyo kalikonse koonetsedwa.

Koma onani bwino amene amalandila ndalamazo. Ni uja anatumiza kavidiyo, amene poona mnzake akugwa sanaike kamela pansi. Ngakhale n'telo, pa TV pamakhala mpanda. Pali anthu amene amasankha zoonetsa, ndipo ku America amafuna kuti ooneka m'vidiyo asaine kuti avomela.

Manje pulogilamu ija inasamukila m'mafoni mwathu, mpanda unatsala. Caka catha pa kicheni pati ya msuweni wanga, mpando wa pulasitiki unathyoka pamene anakhala ba anti anga. Anagwa cagada, citenge n'kumasuka. Tonse tinaseka, iwonso anaseka. Pofika madzulo kavidiyo kanali pa WhatsApp, ataikapo kanyimbo. Ba anti amagulitsa tomato pamsika. Mlungu wathunthu sanapite ku thebulo lawo, cifukwa anyamata onyamula katundu anali kuyeselela kagwedwe kawo akawaona. Mlungu wosagulitsa ni lendi imeneyo.

Ena amati Azambia timakonda nthabwala, tisamakwiye na zazing'ono. N'zoona, ndipo pa wailesi imene nimathandizako, tikayamba zoseketsa m'pamene mafoni amalila kwambili. Koma kuseka kwa paphwando kumatha phwando likatha, ndipo uja wagwa amaseka nafe. Pa sitetasi amasekedwa na anthu osamudziwa, iye kulibe. Kwa ine, ngati sungapite kwa munthuyo n'kumuonetsa kavidiyo usanakatumize, ndiye kuti ukudziwa kale yankho lake. Nanga mwana wa zaka zitatu amene makolo amujambula akulila angavomele bwanji?

Mnyamata amene anajambula ba anti anacotsa kavidiyoko titamukalipila. Mwezi watha mnzanga wa ku Kitwe ananitumizila komweko, atalemba kuti, "Ona mayi uyu."