Yankho la mkonzi: pulogalamu yaulere siulula odwala

Nkhaniyi yamveka pa Makawa ndi ku Monkey Bay, ndipo ku Namwera akutumizirana pa WhatsApp. Akuti makompyuta a m'zipatala amayendera pulogalamu yaulere yotola pa intaneti, ndiye aliyense wodziwa kompyuta angathe kuwerenga mayina a anthu olandira ma ARV. Ena afika polangizana kuti pokatenga mankhwala azitchula dzina labodza. Ife tikukana. Mphekesera yotere ingasiyitse msodzi mankhwala chifukwa cha manyazi, kenako tidzamuika m'manda.

Mbali imodzi ndi yoona. DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsiramo malipoti a zipatala, inachokera ku University of Oslo ku Norway ndipo imasunga zinthu mu PostgreSQL. Makina ogusa pagalasi amene Baobab Health Trust inayambitsa m'zipinda za ma ARV ankasunga zolembedwa mu MySQL. Onsewa ndi a open source: malamulo amene pulogalamuyo inalembedwera ali poyera. Koma zoikidwa poyerazo ndi kapangidwe, osati zimene namwino walembamo.

Wa kunyanja sangavutike kumva. Mmisiri akamakhoma boti pamchenga, aliyense amaona matabwa ndi misomali, ndipo thabwa lofumbwa silibisika, wina amaloza ndithu. Kuonerera kukhomako sikukupatsa nsomba za mwini boti. Boti logula lopakapaka utoto ndi limene umadziwira mlandu wake uli pakati pa madzi.

Amene akuti pulogalamu yogula ndiyo yotetezeka aiwala msanga. Cashgate ya 2013 inachitikira mu IFMIS, makina ogulidwa ndi ndalama zambiri, ndipo akubawo anali anthu a m'kati okhala ndi makiyi awo, olemba malipiro n'kufufuta mapazi. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima, ndipo mu February a Chakwera, ali mtsogoleri wa dziko, anauza Nyumba ya Malamulo kuti achiwembu alanda makinawo ndipo akufuna dipo. Makina amenewo sanali otola pa intaneti.

Sitikunena kuti zapoyera zilibe njoka. Munthu wodzitcha Jia Tan anakhala zaka ziwiri akuthandiza pa kapulogalamu ka xz, kamene kali m'makompyuta ambiri a Linux, mpaka anzake anamukhulupirira, iye n'kubisamo khomo lakuseri. Anamugwira ndi Andres Freund, mmodzi mwa okonza PostgreSQL yomweyi. Anadabwa kuti kulowa mu kompyuta yake kukuchedwa ndi theka la sekondi, anafukula malamulowo, ndipo pa 29 March 2024 anaulula chiwembucho chisanafalikire. Theka la sekondi! Ife kuno netiweki ikachedwa timangoti ndi mitambo. Koma Freund akanafukula chiyani malamulowo akanakhala otsekeredwa ku kampani?

Funso loyenera kufunsa wa makompyuta pachipatala, pa SACCO kapena pasukulu ndi lakuti: pulogalamuyi munaitenga kuti? Eni PostgreSQL amaika pambali pa fayilo chizindikiro cha SHA-256, mndandanda wa zilembo ndi manambala 64. Ukatsitsa fayilo umawerengetsa chako n'kufananitsa. Wina akasinthamo ngakhale kadontho, mndandanda wonse umasintha. A MySQL amasainanso mafayilo awo ndi GPG. Chidindo chotere chimangotsimikiza kuti katundu sanasinthidwe panjira, sichikanamugwira Jia Tan poti iye ndiye anali wodinda. Komabe chimasiyanitsa pulogalamu yochokera kwa eni ake ndi ya pa fulashi yoyendayenda yodzaza nyimbo ndi mafilimu, imene yalowa m'makompyuta onse a pamsika.

Ndipo chinsinsi cha wodwala chikatuluka, kawirikawiri chimatulukira pafupi: pasiwedi imodzi ya anthu asanu, ina yolembedwa pa kapepala n'kumata pa tebulo, kapena pakamwa pa wantchito wolongolola pa bawo. Izi zinkachitika ngakhale nthawi ya mabuku a kaundula. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, Data Protection Act, linapatsa MACRA udindo wolandira madandaulo otere. Wolembetsa dzina labodza pa Makanjira, akasamukira ku dooko lina potsata usipa, adzavutika kupeza mbiri ya mankhwala ake.