Mpira wa 3 koloko umene Mngelezi sauonera

Loweruka lina madzulo ndinali mu video show ya kuseri kwa hositelo yathu, tonse thukuta lili kamukamu, Arsenal ikusewera pakwawo. Chigoli chitalowa ndinatumiza uthenga pa WhatsApp kwa msuweni wanga amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku London. Cholinga chinali kumuseka, chifukwa iye amachemerera timu ina. Anandiyankha kuti, "Aise, wagoletsa ndani? Kuno sakuonetsa." Ndinaganiza kuti akuzemba nkhani. Bwalo la Emirates lili mumzinda umene iye akukhala. Angalephere bwanji kuonera masewero amene ine ndikuonera ku Zomba, nditalipira ndalama yosakwana kugulira chipisi cha pachiwaya?

Koma sankanama. Ku England akuluakulu a mpira ali ndi lamulo loti mkati mwa nyengo ya ligi, Loweruka kuyambira 2:45 mpaka 5:15 masana, mpira usaonetsedwe pa wailesi ya kanema pamene ukuseweredwa. Lamuloli linayamba m'zaka za m'ma 1960, ndipo munthu amene amatchulidwa kwambiri poliyambitsa ndi Bob Lord, yemwe anali wapampando wa timu ya Burnley. Mantha ake anali akuti anthu akamaonera matimu akuluakulu ali khale m'nyumba zawo, mabwalo a matimu ang'onoang'ono adzakhala gwa, opanda anthu. Choncho masewero a 3 koloko, amene kuno amatipeza 4 kapena 5 koloko malingana ndi nyengo, timaonera ndife. Eniake amangomvera pa wailesi kapena kudikira Match of the Day pa BBC usiku.

Poyamba ndinaseka. Nditaganiza bwino ndinaona kuti lamulo limeneli ndi limodzi mwa mipanda yochepa imene yatsala pakati pa mpira wa Angelezi ndi anthu a ndalama, ndipo ine ndili kumbali ya mpandawo.

Tiyeni tione mmene ndalamazo zinalowera. Premier League inayamba mu 1992, ndipo kampani ya BSkyB, imene mwini wake wamkulu anali Rupert Murdoch, inapeza ufulu woonetsa masewerowo kwa zaka zisanu. Mgwirizano wonse unali wa mapaundi pafupifupi 304 miliyoni. Kuchokera nthawi imeneyo, wofuna kuona ligi yaikulu ya dziko lake ikuseweredwa anayenera kugula dishi ndi kumalipira mwezi ndi mwezi. Mu Disembala 2023 ligiyi inalengeza mgwirizano wina wa zaka zinayi wa mapaundi 6.7 biliyoni, masewero ambiri kupita ku Sky Sports, otsala ku TNT Sports. Sapota wofuna kuona zonse zimene zikuonetsedwa ayenera kulipira makampani awiri.

Pamwamba pa zimenezo pali laisensi. Nyumba iliyonse imene imaonera kanema pamene mapologalamu akuulutsidwa, ngakhale ikhale ya Sky, iyenera kulipira laisensi, imene mu Epulo 2025 inafika pa mapaundi 174.50 pachaka. Ndalama imeneyi ndiyo imayendetsa BBC, n'chifukwa chake matchanelo ake a m'dzikomo saulutsa malonda. Kuonera popanda laisensi ndi mlandu, ndipo chindapusa chake chimatha kufika mapaundi 1,000. Msuweni wanga amalipira laisensiyo akudandaula, koma za Sky anazisiya. Akuti akatumiza ndalama kumudzi n'kulipira lendi, za mpira zimakhala zatha.

Amene akufuna kudziwa zimene zimachitika masewero akatsekeredwa kuseri kwa dikoda aone kiriketi. Mu 2005 England inagonjetsa Australia pa mpikisano wa Ashes, ndipo anthu mamiliyoni anaonera ulere pa Channel 4. Chaka chotsatira masewero a timu ya dzikolo anapita ku Sky. Bungwe la kiriketi linapeza ndalama, koma mwana wa m'banja losauka anasiya kukumana ndi masewerowo m'nyumba mwawo. Mu 2019, England itafika mu ndime yotsiriza ya chikho cha dziko lonse, Sky inavomera kuti Channel 4 nayo ionetse. Kwa ine kumeneku kunali kuvomereza kuti tsiku lotere si la olipira okha.

Apa ndi pamene pali mpanda wachiwiri. Lamulo la zoulutsa mawu la 1996 lili ndi mndandanda wa masewero amene ayenera kuperekedwa kwa matchanelo a ulere pamtengo woyenera: World Cup, Olimpiki, fainolo ya FA Cup, mafainolo a Wimbledon, ndi ena. Dziko limene limakhulupirira msika kwambiri linakhala pansi n'kunena kuti pali zinthu zina zimene mtundu wonse uyenera kuonera limodzi, wolemera ndi wosauka yemwe.

Ndikudziwa zimene anzanga a Economics andiuze, ndipo si zabodza. Ndalama za Sky zinathandiza kuti ligi ija ikope osewera ngati Didier Drogba, Sadio Mané ndi Mohamed Salah, amene ifeyo timanyadira. Popanda ndalamazo, mwina sitikanadzaza mu video show. Komanso lamulo la 3 koloko lili ndi chilema chake: amene limamupweteka ndi munthu ngati msuweni wanga, amene tikiti ya ku Emirates sangaikwanitse, pamene pa kanema amutsekeranso. Ambiri amangotembenukira ku masamba a pa intaneti oba masewero. Zonsezi ndikuvomera. Koma pansi pa Premier League pali matimu 72 a English Football League, ndipo pansi pa amenewo pali enanso mazanamazana amene amadalira kwambiri ndalama za pageti. Loweruka masana ndiye tsiku lawo la msika. Mukaika Liverpool pa kanema nthawi yomweyo, mwamanga golosale yaikulu pakhomo pa mayi wogulitsa tomato.

Chimene chinandiluma kwambiri ndi ichi: ndingakutchulireni osewera onse a Arsenal mpaka a pabenchi, koma padutsa zaka ziwiri ndisanalipire pageti kukaonera timu ya kwathu kuno. Zimene Bob Lord ankaopa ku Burnley zachitikira ine. Sindikunena kuti tizimitse DStv Loweruka, ayi. Mwini video show nayenso ali ndi ana ofuna fizi. Ndikungoti funso limene Angelezi anadzifunsa nafenso litikhudze: ndi masewero ati amene sitingalole kuti aonedwe ndi okhawo okwanitsa kulipira? Ine ndingayambe ndi Flames, ma Queens, ndi tsiku limene Bullets yakumana ndi Wanderers. Tizilembe m'malamulo lero, asanabwere wa ndalama zambiri, chifukwa akadzabwera tidzakhala tachedwa.

Msuweni wanga ndinamuuza wogoletsa chigoli chija, ndipo mphindi zotsalazo ndinakhala muulutsi wake pa foni. Loweruka likubwerali ndamuchenjeza kale kuti apeze wina. Ine ndikupita kubwalo.