ZA ACIKUMBE: Mpanda Uyenera Kulingana ndi Ciweto

Kuyambira mwezi wa June, nchito yokolola ikatha, midzi yambiri ya m'maboma a Petauke ndi Nyimba imamasula ziweto kuti zikadye mapesi m'minda. Abusa amapumula, ndipo ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba zimayenda kumene zifuna kufikira mvula yoyamba. Mwambo umenewu ndi wakale ndiponso uli ndi ubwino wake, pakuti ndowe zimatsala m'munda. Koma nyengo yomweyi ndiyo imene dimba limaoneka lobiriwira lokha pakati pa dziko louma, ndipo ciweto ciriconse canjala cimalunjika komweko. Repu, matimati ndi cimanga caciwisi zimene banja lathirira kwa miyezi iwiri zingathe kutha usiku umodzi. Zotsatira zake ndi milandu kwa anyakwawa ndi kukhoti, ndiponso udani pakati pa anthu omwera citsime cimodzi.

Cilala ca nyengo ya 2023 ndi 2024, cimene Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema anacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 February 2024, cinaonetsa poyera kufunika kwa dimba. Pamene cimanga ca kumunda cinauma cisanabereke, mabanja ambiri anayang'ana kudambo. Motero mpanda wa dimba suyenera kuyesedwa nchito ya masewera.

Colakwa cimene alimi ambiri amacita ndi kugula waya asanadzifunse kuti mdani wao ndani. Ng'ombe imakankha ndi cifuwa, mbuzi imapyola pampata ndi kulumpha, nkhumba imafukula pansi. Mpanda umene uletsa cimodzi mwa izi kawirikawiri umalephera pa cinzace.

Kwa ng'ombe, mizere inai ya waya waminga ndi yokwanira. Mzere wapansi ukhale masentimita 30 kucokera panthaka, ndipo ina itsatire motalikirana cimodzimodzi kufikira wapamwamba pa masentimita 120. Mlimi awerengeretu asanapite kusitolo. Lima imodzi, imene ndi mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi, ili ndi mamita 200 kuzungulira. Mizere inai idzafuna waya wa mamita 800, ndipo mizati ikaikidwa pa mamita 4 alionse idzakhala 50. Mipukutu ya waya imasiyana kutalika ndi kukhuthala kwake, conco ndi bwino kufunsa mamita a mumpukutu m'malo mongofunsa mtengo.

Mpanda umenewo mbuzi siuwerengera konse. Imalowetsa mutu pakati pa mawaya, thupi ndi kutsatira. Pofuna kuletsa mbuzi, mlimi ayenera kuonjezera mizere kumunsi kuti mipata isapitirire masentimita 15, kapena kumanga waya woluka wamaso ang'onoang'ono, umene mtengo wake ndi wokwera. Amene alibe ndalama zotere angathe kulukira timitengo kapena mabango pakati pa mawaya moyandikana kwambiri.

Nkhani ya nkhumba ndi ina. Nkhumba ndi cuma ca mabanja ambiri pakati pa Ansenga, koma m'malo moichingira kunja kwa dimba lirilonse, nkwanzeru kuitsekera m'khola lace. Khola likhale la mitengo yolimba yozikidwa mothithikana, yolowa pansi ndithu, ndi miyala m'tsinde mwace kuti isafukule. Zifukwa zace sizithera pa ndiwo za m'dimba. Nthenda ya cigodola ca nkhumba, imene inayamba kudziwika ku Fort Jameson m'caka ca 1912, sinacoke m'cigawo ca Kum'mawa, ndipo ilibe mankhwala ocizira. Nkhumba zoyendayenda zimapatsirana msanga. Ndiponso nkhumba yomasuka imadya zonyansa za anthu kuthengo, ndipo kumeneko ndiko kumene imatenga masese amene amaoneka m'nyama yace. Akatswiri a pa University of Zambia anafufuza za masese m'midzi ya ku Petauke. Munthu akadya nyama yotere yosapsa bwino amakhala ndi njoka ya m'mimba, ndipo mazira a njokayo akalowa m'thupi la munthu angathe kufika kuubongo ndi kuyambitsa khunyu. Kunena zoona, kuweta nkhumba m'khola kumafuna gaga ndi madzi tsiku ndi tsiku, ndipo ici ndico cimene ambiri amathawa.

Mtundu wa waya ukasankhidwa, nchito yeniyeni ili pa mizati, makamaka ya pangondya. Waya wokokedwa bwino umakoka mzati wa pangondya usana ndi usiku, ndipo mzatiwo ukapendekeka mpanda wonse umakhwefuka ngakhale wayayo ndi watsopano. Mzati wa pangondya ukhale waukulu kuposa inzace, ulowe pansi masentimita 90, ndipo ucirikizidwe ndi mitengo iwiri yopendekeka yoloza kumene waya ukokera. Cimodzimodzinso mizati ya pacipata. Ya pakati ingathe kulowa masentimita 60. Pofotsera, dothi lithiridwe pang'onopang'ono pamodzi ndi timiyala, ndi kusinja mwamphamvu nthawi iriyonse. Kufotsera dzenje lonse kamodzi ndi kupondaponda ndi phazi ndi kudzinyenga. Cingwe cikokedwe kucokera ngondya ina kufika ina kuti mizati iime pamzere woongoka.

Waya ukhomedwe kumbali kumene ziweto zimakankhira. Padimba ndiko kuti kunja kwa mizati, pamalo odyetsera ng'ombe ndiko kuti mkati, kuti ciweto cikatsamira, mphamvu yace igwere pamzati, isazule msomali. Pa mizati ya pakati, misomali yopindika isakhomedwe mpaka kufinya waya, kuti mlimi adzathe kuukokanso ukadzakhwefuka.

Mdani wa mizati ndi ciswe ndi moto. Mitengo ya muwanga ndi mupane imapirira zaka zambiri m'nthaka, koma ikucepa, ndipo aliyense woyenda pamsewu wa Great East pakati pa Kacholola ndi Nyimba amaona matumba a makala amene afotokoza cifukwa cace. Lamulo la za nkhalango la 2015 liripo, conco wofuna kudula mizati yambiri ayambe waonana ndi a ofesi ya za nkhalango kuboma. Mzati usendedwe makungwa, uume, ndipo mbali yolowa pansi iwaulidwe pamoto. Mitengo ya bulugamu yothiridwa mankhwala imakhalitsa, koma bulugamu wamuwisi ciswe cimamutha msanga. Za moto, udzu wa m'mbali mwa mpanda ulambulidwe lupsa lisanayambe, pakuti moto umatentha mizati ndi kufooketsa waya.

Mpanda wa nthambi zaminga, umene ambiri amamanga, ndi wochipa caka coyamba cabe. Caka ndi caka umafuna mitengo ina, ndipo mitengoyo imanka nitalikira. Njira yabwino ndi kubzala mpanda wamoyo mkati mwa wakufawo, kuti pamene wakufa ukutha, wamoyo ukhale utakula. Khonje akabzalidwa mothithikana amatseka pansi ndipo amapatsanso zingwe. Nkhadze imamera pa nthambi zozika ndipo ziweto siziikonda, koma utomoni wace ndi woopsa m'maso, makamaka kwa ana. Mtengo wa gliricidia, umene alimi a kuno anaudziwira ku Msekera ndi kwa a COMACO, umaphukanso pa nthambi zozika ndipo umasanduka mzati wamoyo womangapo waya. Nyengo yobzala ndi December, mvula itakhazikika, pamene ziweto zabwerera m'manja mwa abusa. Lantana asabzalidwe konse: amafalikira m'malo odyetsera ndipo amadwalitsa ng'ombe.

Alimi a kwa Mfumu Luembe ndi Mfumu Nyalugwe, kufupi ndi mtsinje wa Luangwa, ali ndi mlendo wina amene waya waminga sumuopsa, ndiye njobvu. M'cigwa ca Luangwa alimi ena amamanga zingwe zopakidwa tsabola wopera wosakaniza ndi oilo wakutha wa galimoto, ndi kupacikapo tinsanza. Fungo lace limabweza njobvu, koma mvula ndi dzuwa zimalithetsa, motero kupaka kuyenera kubwerezedwa kawirikawiri. Ku Kenya, mai Lucy King anaonetsa kuti ming'oma ya njuci yolumikizidwa ndi waya imathandizanso. Mpanda wamagetsi a dzuwa ndi wamphamvu kuposa izi, koma umafuna midzi yogwirizana ndi munthu woulambulira udzu.

Dzenje loyamba lisanakumbidwe, mlimi aitane anyakwawa ndi eni minda yoyandikana kuti onse aone pamene malire apita. Mpanda usatseke njira ya anthu yopita kucitsime kapena kumanda, ngakhale njira ya ng'ombe yopita kumadzi, pakuti waya wotere umapezeka utadulidwa usiku. Cipata cikhale cimodzi, cotakata kuti ngolo ilowe, ndi cotsekera copepuka cimene ngakhale mwana wotumidwa kukathyola ndiwo angathe kucibwezera pamalo pace.