Lamulo lisamadikire nsomba zithe kaye

Mukukumbukira funso lija la echo? Sitima yatumiza phokoso pansi pa nyanja, labwerera patatha masekondi 0.2. M'madzi amchere phokoso limathamanga pafupifupi mamita 1,500 pa sekondi, ndiye chimene lagunda chili mamita 150 pansi. Chida chochita zimenezi ndi sonar, ndipo chinathandiza kumaliza nsomba za cod m'nyanja ya Atlantic, kufupi ndi chilumba cha Newfoundland ku Canada.

Anthu akhala akupha cod kumeneko kwa zaka pafupifupi 500. Kenako kunabwera zombo zikuluzikulu zokhala ndi sonar, zokoka makoka pansi penipeni. Mu 1968 mokha zinapha matani pafupifupi 800,000. Mu 1977 Canada inalengeza kuti madzi ofika makilomita 370 kuchoka kumtunda ndi ake. Pangano la United Nations la malamulo a panyanja la 1982 linavomereza malire otere kwa mayiko onse a m'mbali mwa nyanja, koma linawapatsanso udindo woonetsetsa kuti nsombazo zisathe.

Nanga zinathera pati? Apa ndi pamene Fizikisi ikulowa. Cod zikachepa sizimwazikana, zimaunjikana m'magulu. Sonar inkapezabe maguluwo, makoka n'kumadzaza ngati kale. Owerengera ataona makoka odzaza anaganiza kuti nsomba zidakalipo zambiri. Asodzi a maboti ang'onoang'ono a kufupi ndi gombe ankadandaula kuti nsomba zachepa komanso zikugwidwa zing'onozing'ono, koma mawu awo sanamveke msanga. Pa 2 July 1992 nduna John Crosbie inatseka usodziwo, anthu pafupifupi 30,000 n'kutaya ntchito. Ankati ndi kwa zaka ziwiri basi. Usodzi wamalondawo unadzatsegulidwanso mu 2024, patapita zaka 32, ndipo analoleza matani 18,000 okha.

N'chifukwa chake ine ndili kumbali ya mfundo imene inalowa m'pangano lina la United Nations la 1995, lokhudza nsomba zoyenda kudutsa malire a mayiko. Mfundoyo ikuti pamene chidziwitso chili chokayikitsa, mayiko azisamala kwambiri, ndipo kusowa kwa umboni wokwanira wa sayansi kusakhale chifukwa chochedwetsera kuteteza nsomba.

Mu labu mukayeza waya ndi rula katatu, mayankho amasiyana pang'ono, eti? Ameneyo ndi waya woti mwaugwira m'manja. Nanga nsomba zosaoneka, zosambira mumdima? Palibe tsiku limene wasayansi adzanene chiwerengero chenichenicho. Iye amati zili pakati pa apa ndi apo. Lamulo labwino liike malire a zopha poyang'ana nambala yam'munsiyo. Tikalakwitsa n'kupha zochepa, nsombazo tidzazipeza chaka chamawa zitaswana. Tikalakwitsa n'kupha zambiri, mwaona kale: zaka 32.

Wina ati, "Aphunzitsi, mukulankhula chonchi poti malipiro anu amabwera mwezi uliwonse. Msodzi akachepetsa zopha chifukwa cha mwina, ana ake adya chiyani?" Funso limeneli ndi lolemera, sindilipeputsa. Lamulo loletsa popanda kuganizira m'mimba mwa anthu limangophwanyidwa usiku. Choncho asodzi azikhala nawo pokonza malamulowo, ndipo zombo zazikulu ndizo ziziyamba kuchepetsa, osati wa kaboti. Koma funsani banja la ku Newfoundland kuti likadasankha chiti: kupha zochepa m'ma 1980, kapena kumangirira boti mpaka ana atakula n'kusamukira kwina.

Kuno tilibe nyanja yamchere, koma masamu ake ndi omwewo. Nyanja ya Malawi ikatsekedwa kwa makoka ena pa nyengo yoswana chambo, kapena akaletsa kuphera nsomba ndi neti ya udzudzu, pamamveka mawu akuti, "Nsomba zilipo, onani dzulo tadzaza bwato." Mukamva zimenezo, funsani funso limene ndimakufunsani mu labu lija: mwayeza chiyani kwenikweni? Bwato lodzaza likukuuzani kuti msodzi wapeza pamene nsomba zaunjikana. Silikukuuzani kuti m'nyanja monse zatsala zingati.