Musanalipire phunziro la Masters, funsani ngati lidzawerengedwa

Kwa Kaluluma ndalama zimaoneka fodya akayamba kugulidwa ku Chinkhoma, ndipo m'nyengo yomweyi aphunzitsi a ku Nkhamenya ndi alangizi a zaulimi amayamba kulingalira zobwerera kusukulu. Amene ali ndi digiri yoyamba amalakalaka yachiwiri, ija ya Masters, koma kusiya ntchito ndi banja zaka ziwiri n'kukakhala ku Bunda kapena ku Mzuzu n'kovuta. Ndiye ena amati bola kuyamba ndi phunziro limodzi kapena awiri, kulembetsa kwenikweni kudzabwere pambuyo.

Njirayi ilipodi. Ku Unisa, ku South Africa, munthu amatha kulembetsa phunziro limodzi asanalowe pulogalamu ya digiri. Mayunivesite ambiri a ku America amalolanso zimenezi, ngakhale amaika malire pa chiwerengero cha maphunziro amene angadzawerengedwe mukalembetsa. Ubwino wake ndi woonekeratu: munthu amene anasiya mabuku kalekale amadziyesa kaye, amalipira pang'onopang'ono, ndipo mphunzitsi amene waona ntchito yake akhoza kudzamulembera kalata yomuikira kumbuyo.

Koma pali chimene ambiri sauzidwa. Kukhoza phunziro lotere sikukupatsani malo pa digiri. Mudzafunsirabe malo ngati wina aliyense, ndipo yunivesite imene ikukulandiraniyo ndiyo idzagamule ngati zimene munaphunzira kale zilowe m'kaundula wanu kapena muzibwereze. Ikakana, ndalama zija sizibwerera. Chimene chimandipweteka kwambiri ndi nkhani ya makosi aafupi, a sabata imodzi kapena mwezi, amene amatha ndi satifiketi yongosonyeza kuti munalipo. Nzeru mumapezamo ndithu, ndipo pa ntchito zimathandiza, koma popanda mayeso ndi malikisi olembedwa m'mabuku a yunivesite, pepalalo silichotsa ngakhale tsiku limodzi pa zaka za digiri. Banja limene lagulitsa mabelo angapo kuti mwana wawo aphunzire liyenera kudziwa zimenezi lisanatulutse ndalama.

Mlangizi amene ali ndi dipuloma ya ku NRC, koleji imene tsopano ili pansi pa LUANAR pamodzi ndi Bunda, kapena ya ku Mwimba konkuno ku Kasungu, adziwenso kuti kawirikawiri khomo la Masters limatsekuka ndi digiri yoyamba. Ayambe ndi imeneyo.

Lamulo la mu 2011 linakhazikitsa bungwe la NCHE kuti lizilembetsa sukulu zaukachenjede ndi kuvomereza mapulogalamu awo. Onani ngati pulogalamu yeniyeniyo ili pa mndandanda wawo, chifukwa sukulu imatha kukhala yolembetsedwa pamene mapulogalamu ake ena sanavomerezedwe. Kenako lemberani ofesi ya rejisitala wa yunivesite imene mukufuna kudzatengako digiri, mutchule dzina la phunzirolo ndi kumene mukalitengere, ndipo mufunse ngati adzaliwerengera komanso kwa zaka zingati lisanatayike mphamvu. Yankho la pafoni lisakukwanireni. Dikirani kalata yosainidwa, kenako mulipire.