Si aliyense angakhale mwana wa mfumu ku Azeroth

Mphwanga amene amasewera World of Warcraft anandionetsa mbiri imene analembera munthu wake wa m'masewerawo. Akuti ndi mwana wobisika wa Arthas, ndipo anapha yekha asilikali chikwi. Anzake a pa seva ya Argent Dawn anaikana mbiriyo, iye n'kupsa mtima. Ine ndinaikira kumbuyo anzakewo.

Masewerawa, amene Blizzard inatulutsa mu 2004, ali kale ndi mbiri yawo. Arthas anapha bambo ake, mfumu Terenas ya ku Lordaeron, ndipo ufumuwo unagwa m'manja mwa Scourge, gulu la akufa oyenda. Pa seva ngati imeneyi osewera amalankhulana ngati nzika zenizeni za Azeroth. Ukangofika n'kudzitcha mwana wa Arthas, anzako atsala ndi ziwiri: kukugwadira kapena kukutcha wabodza. Ndani angakondwe nazo?

Aphunzitsi anzanga ena anganene kuti malire otere amapha luso la mwana. Sindikuvomereza. Tangoganizani mlimi wamba wa ku Lordaeron amene anathawira ku Stormwind. Mlongo wake sanathawe. Anafa, n'kuuka pakati pa a Forsaken, amene anamanga malo ku Undercity, pansi pa mabwinja a likulu lawo lomwelo. Tsopano mlimiyo ali ku Alliance, mlongo wake ku Horde. Akadzakumana kunkhondo, adzatani? Sunaphwanye mbiri ngakhale pamodzi, ndipo anzako apeza polowera m'nkhaniyo.

Mphwangayo walembanso. Mlimiyo wamupatsabe lupanga lagolide, koma pamenepo ndangokhala chete.